Nsapato ya Kumanzere

Msewu wonse unkawatchula kuti a Wotchi, ndipo anayambitsa dzinali ndi amuna awo omwe. Bamboyo anali wosoka nsapato. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yawo, ka zitseko ziwiri: china choyang'ana kumsewu cholowera makasitomala, china chotulukira mukolido ya m'nyumba. Tsiku lililonse cha m'ma 3 koloko masana, mkazi wawo akaweruka kuhotela komwe ankasita zovala, mapazi awo ankamveka mukolidomo kuti gu-go, gu-go, mwendo wamanzere ukutsalira pang'ono.

"Wotchi yanga yalira," ankatero bamboyo. "Nthawi ya tiyi yakwana."

Chimene chinkaliza wotchiyo chinali chowawa. Nyung'unyu ya kumanzere, paja fupa la ntchafu limalowera m'chiuno, inayamba kudyeka mayiwo ali ndi zaka makumi anayi. Kuima tsiku lonse simbi ili m'manja sikunathandize. Chaka ndi chaka fupa linkaperepeseka, mwendo n'kumafupika pang'onopang'ono, ndipo ululu wake unkayambira m'chiuno, kutsika ndi ntchafu mpaka kukaluma bondo losalakwa.

Munthu ukadwala chiuno, aliyense amasanduka dokotala, ndi wogulitsa makala yemwe. A Wotchi anayesa zonse. Anamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Anapaka mafuta onunkha moti pabasi anthu ankawasiyira mpando wonse. Anagona ndi botolo la madzi otentha, anabayitsa jakisoni wa m'fupa momwemo amene ankawapumitsa miyezi itatu kenako ululu n'kubwerera ndi abale ake. Pa zonsezi, chimene chinkawathandiza tsiku ndi tsiku chinali nsapato. Mwendo ukafupika, amuna awo ankadula chigamba cha mphira n'kuchisokerera pansi pa nsapato ya kumanzere. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri zigambazo zinafika zisanu ndi ziwiri, kukhuthala kwake zala ziwiri.

Bamboyo sankayeza ndi tepi ayi, ankayeza ndi khutu. Mkazi wawo akangoponda mukolido, nyundo inkaleka kulira. Ankamvetsera mapaziwo mpaka afike pachitseko. Masiku ambiri ankangoseka za wotchi yawo, koma khutu likakana ankatsegula chitseko, misomali ili kukamwa, n'kunena kuti, "Vulani ndione."

Dzina la a Wotchi linakhala zaka zinayi pamndandanda wa odikira opaleshoni. Chakudza sichiimba ng'oma: amene ankaoneka wamphamvu m'nyumbamo ndiye anayamba kupita. Bamboyo anadwala miyezi itatu yokha, manja akunjenjemera, thupi likutha, basi n'kutsikira kulichete. Kachipinda kanatsekedwa. Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni, anabwerera kudzakhala ndi mayi ake.

Patatha sabata ziwiri chiikireni maliro, a Wotchi ali okha m'nyumba cha m'ma 3 koloko masana, anamva nyundo. Sinali ya kwa aneba. Ankaidziwa bwino, kugogoda katatu kofulumira kenako kamodzi kolemera. Anadzuka pampando n'kuyamba kuyenda mukolido. Gu-go, gu-go. Nyundo ija inaleka. Anaima pachitseko chotsekacho tsitsi lili nyaunyau, koma mantha atatha chinatsala ndi chimwemwe chimene sakanauza munthu. Kuyambira tsikulo inkalira tsiku lililonse nthawi yomweyo, ndipo tsiku lililonse inkaleka iwo akamadutsa. Chitsekocho sanachitsegulepo, komanso Mzime sanamuuze.

Kalata ya kuchipatala yowaitanira ku opaleshoni inabwera patatha miyezi isanu ndi itatu.

Atatsitsimuka pabedi la kuchipatala, chinthu choyamba chimene anazindikira chinali chosowa. Bala linkawawa ndithu, kuwawa kwa mpeni, koma kuluma kuja kwa m'kati mwa fupa kunalibe. Dokotala anawaonetsa chithunzi cha chitsulo chonyezimira chokhala ndi mutu wozungulira, chitalowa pamene panali fupa lodyeka lija.

"Miyendo yanu tsopano ndi yofanana, mayi," anatero dokotalayo monyadira. "Tayeza kawiri."

Malamulo anawapatsa ndi mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, wamfupi, wamawu ngati mphunzitsi wamkulu. Osapingasa miyendo. Osakhala pampando wotsika. Osawerama kutola chinthu pansi, ngakhale itakhala ndalama. Pogona, pilo pakati pa mawondo. Mapiritsi amphamvu ndi a masiku oyamba okha, kenako ofookerapo ndi nsalu yozizira pabala. Yendani pang'ono koma kawirikawiri. Atamaliza zonsezi anaona nsapato zawo pansi pa bedi, anatola ya kumanzere n'kuitembenuza.

"Anasoka izi ndi katswiri," anatero. "Koma kuyambira lero ndi mdani wanu. Mukavala, mwendo wamanzere ukhala wautali, chiuno chipendekeka, ndipo chitsulo chija chikhoza kuguluka." Kenako anatembenukira kwa Mzime. "Iwe mwana wanga, ukafika kunyumba uzichotse zonse."

Mzime sanazengereze. Anasonkhanitsa nsapato zonse m'thumba n'kukazitaya. Koma peyala imodzi yakuda, ya zingwe, imene inali ndi zigamba zonse zisanu ndi ziwiri, sanaipeze. Mayi ake anali ataibisa asanapite kuchipatala, pansi pa dengu la zovala zosasita. Ankamudziwa mwana wawo: anabadwa kwa mayi wosita, koma simbi ankaiopa ngati njoka.

Tsiku lachitatu chibwerereni kunyumba, nyundo inalira nthawi yake. A Wotchi anagwira choyendera chawo cha miyendo inayi n'kulowa mukolido, thukuta lili kamukamu. Anafika pachitseko, nyundo ikulirabe. Anadutsa, ikulirabe. Anadziuza kuti ndi chitsulo choyenderachi, chikusokoneza ndi phokoso lake. Patapita sabata zitatu anasiya choyendera n'kutenga ndodo. Nyundo sinaleke. Anayesa kusiya ndodo pakhoma n'kuyenda atagwira chipupa, atavala nsapato zofewa zimene Mzime anawagulira. Mapazi awo ankangoti pha, pha, pha, mofanana, ngati a mlendo wodzafunsa njira. Nyundo inkangopitiriza, katatu kofulumira, kamodzi kolemera.

Apa m'pamene umasiye unawapeza zenizeni. Kumanda analira monga amalirira aliyense, koma izi zinali zina. Mwamuna amene anakhala naye zaka makumi anayi anali kuseri kwa chitseko, ndipo sankawadziwanso. Aneba ankabwera kudzawayamikira. "Koma ndiye mwaongoka! Tikupezerani bambo wina posachedwapa." Iwo ankaseka nawo, alendowo akapita n'kumangoyang'ana khoma.

Sabata yachisanu ndi chimodzi anakafukula nsapato zija m'dengu. Kuvala kwake kunali nkhondo, poti kuwerama kunali koletsedwa. Anazikoka ndi ngowe ya ambulera, zingwe n'kungozisiya lendelende. Ataimirira anamva chiuno chikupendekeka, msana n'kukokeka mbali imodzi. Anaponda. Gu. Anapondanso. Go.

Nyundo inaleka.

Anafika pachitseko misozi ili mbwembwembwe, anatsamiritsa chipumi pathabwa. "Ndine," ananong'ona. "Munandiiwala msanga bwanji, bambo inu?"

Kuyambira tsikulo ankavala nsapatozo masana aliwonse. Poyamba ankangodutsa kamodzi n'kuvula. Kenako kawiri, kenako kupita ndi kubwerera mpaka ola lathunthu, poti bata la kuseri kwa chitseko lija linkawakomera kuposa tulo. Mzime asanaweruke, nsapato zinkakhala zitabwerera m'dengu. Koma thupi silisunga chinsinsi. Msana unayamba kuwawa, mnofu wa pabala unkakoka, ndipo mapiritsi amphamvu aja amene anayenera kukhala atasiya anayambanso kuchepa m'botolo.

Atapita ndi Mzime kukaonedwa kuchipatala, mayi wa mafizo anawauza kuti ayende kuchokera pakhomo kufika pawindo. Anawayang'ana, manja ali m'chiuno.

"Mayi, mwezi watha munkayenda bwino kuposa lero. Mukutani kunyumba?"

"Palibe. Mwina ndi kuzizira."

"Kuzizira sikupendeketsa munthu mbali imodzi. Nsapato zija munataya?"

"Funsani mwanayu, ndiye anataya."

"Ndinataya zonse," anatero Mzime.

Mayi wa mafizo sanachotse maso pa a Wotchi. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Chitsulo chimenechi chikaguluka, ululu wake mudzaiwala dzina lanu. Ndipo opaleshoni yachiwiri sikhala ngati yoyamba. Ena sadzukanso pa njinga ya olumala."

A Wotchi anamva bwinobwino, ndipo anachita mantha. Mawa lake nyundo italira, anavalanso nsapato zija.

Anagwa Lachinayi. Chingwe chosamanga chija chinalowa pansi pa nsapato inzake ali pafupi ndi chitseko, ndipo anangozindikira ali pansi chammbali, chiuno chikuyaka moto. Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Foni inali kuchipinda chogona, ndodo inali kutali. Anagona pomwepo, tsaya lili pasimenti yozizira, diso lili pampata wa pansi pa chitseko.

Koyamba chitsekereni kachipindako anaona m'kati mwake. Dzuwa linkalowera pawindo la kumsewu. Anaona miyendo itatu ya kampando kamene bamboyo ankakhalira posoka, ndi fumbi pansi ponse, losalala, lopanda phazi ngakhale limodzi. M'chipindamo munali zii. Koma silinali bata la chipinda chopanda munthu. Linali bata lija ankalidziwa, la munthu amene waimitsa dzanja m'mwamba ndipo akumvetsera.

"Ndagwatu," anatero. "Simukutuluka?"

Kunja galimoto zinkadutsa, ana a sukulu ankaweruka akuphokosera. Dzuwa linasuntha pafumbi paja kuchoka pamwendo umodzi wa kampando kufika pa wina. Pogona pamenepo maola awiri, mantha a njinga ya olumala atawagwira, anayamba kuganiza za bamboyo monga analili, osati monga ankawasowera. Munthu uja sankaimitsa nyundo chifukwa cha chikondi chokha. Anali mmisiri. Ankaimitsa kuti amve ngati nsapato ikumuyendetsa bwino mkazi wake. Sabata zonse zija ankadutsa ndi mapazi ofanana nyundo osaleka, mwina sikunali kuiwalidwa ayi. Mwina khutu lija silinkapeza chokonza. Ndipo masiku onsewa iwo akhala akukondwera ndi bata la munthu amene akumva nsapato yolakwika, koma alibe manja otsegulira chitseko kuti anene kuti vulani ndione.

Anachita manyazi kwambiri, ndipo analira kuposa mmene ululu unkafunira.

Mzime anawapeza pomwepo cha m'ma hafu faifi. Anaponya chikwama, anagwada, kenako maso ake anagwera pansapato.

"Amama! Izi mwazitenga kuti?"

"Usandikalipire ndili pansi."

"Ndikukalipirani pomwepo! Bambo ndaika m'manda chaka chatha chomwechi, tsopano mukufuna ndizikusenzani kupita kuchimbudzi moyo wanu wonse? Chifukwa chiyani, amama? Zinakulakwirani chiyani nsapato ndinagula zija?"

"Bambo ako sazidziwa," anatero a Wotchi. Poti anali atayamba, anamuuza zonse, za nyundo, za 3 koloko, za bata.

Mzime anakhala pansi n'kutsamira khoma. Atayankhula, mawu ake anali otsika. "Amama, m'chipinda umo mulibe nyundo. Zida zonse ndinapatsa amalume maliro atangotha, inu muli kuchipinda ndi azakhali. Mwatsala kampando kokha."

"Ndakaona kampandoko," anatero mayi ake. "Itana galimoto."

Kuchipatala anajambula, ndipo chitsulo chinali m'malo mwake. Unali mnofu wokha umene unakokeka. Dokotala anagwedeza mutu nati mwayi wotere subwera kawiri. Anawabwezera pa choyendera cha miyendo inayi sabata zina zitatu, mapiritsi amphamvu n'kuwapereka m'manja mwa Mzime kuti aziwerenga yekha. Mzime ankafuna kuotcha nsapato zija tsiku lomwelo, koma mayi ake anakana.

"Sindivalanso, ndalumbira. Koma nsapato yosoka bambo ako sitayidwa. Imakonzedwa."

Anasunga lonjezo. Masana aliwonse nyundo inkalira, iwo n'kumachita mafizo awo pabedi, kukweza mwendo, kutsitsa, kuwerenga mpaka khumi, mano ali gwa. Masiku ena ankatseka makutu ndi pilo.

Patatha miyezi iwiri, Loweruka lina Mzime ali kuntchito ya theka la tsiku, anaika nsapato m'chikwama, anatenga ndodo n'kuyenda ulendo wa kusiteshoni ya basi. Kumeneko, pansi pa masitepe, kunali wosoka nsapato wina wokalamba amene malemu ankamutcha a Guluu. Zaka makumi atatu anthu awiriwa ankanyozana. "Uja sasoka, amamata," ankatero malemu. "Mvula ikagwa makasitomala ake amafika kunyumba ndi masokosi okha."

A Guluu anakweza magalasi atawaona. "Alamu! Ndinu? Ndimayesa mtsikana wina. Mwasochera kapena? Kuno ndi kwa omata."

"Ndabwera dala. Muchotse zigamba izi, ifanane ndi inzake."

Mkuluyo analandira nsapatoyo ndi manja awiri, ndipo nthabwala zinathera pomwepo. Anawakonzera benchi, n'kuikapo makatoni kuti ikwere, poti anali atamva kuti a chitsulo m'chiuno sakhala pansi kwambiri. Kenako anatenga kampeni kake n'kuyamba kudula ulusi. Sankafulumira. Chigamba chilichonse akachichotsa ankachiika pabondo n'kuchiyang'ana.

"Munthu uyu ankandinyoza, ndipo ankanena zoona," anatero. "Taonani msokowu. Ngati wa makina. Ine ndikanati ndisoke chonchi bwenzi ndikudya kamodzi pa sabata."

Koma chigamba chakunja, chimene chinayamba kuchoka, anachibwereranso. Anachitembenuza, anachiyandikitsa kumaso.

"Ichi anasoka ndani?"

"Iwo omwe. Nsapato yanga sinakhudzidwepo ndi munthu wina."

"Liti?"

A Wotchi anawerenga m'mutu. "Chaka chathunthu asanayambe kudwala. Kuposa chaka mwina."

A Guluu anapukusa mutu. "Ayi, alamu. Apa anali atayamba kale. Onani, zibowo zatalikirana, zina waboola kawiri. Apa singano inaterereka n'kung'amba mphira. Ili ndi dzanja lonjenjemera. Mmisiri ngati uja kuti asoke chonchi, ndiye kuti chigamba chimodzichi chinamutengera tsiku lonse." Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Sanakuuzeni?"

Sanawauze. A Wotchi anakumbukira chaka chimenecho. Chinali chaka chimene ululu unafika poipa, chimene ankadzuka ndi kulira n'kugona ndi kulira, bamboyo akuwawiritsira madzi a m'botolo, kuwaveka masokosi, kuwaperekeza kukabayitsa jakisoni. Anakumbukira makapu awiri amene anasweka, iwo n'kuwakalipira kuti asamale ziwiya. M'nyumba muja malo a wodwala anali amodzi, ndipo anali atakhalapo kale iwo. Zaka zonsezo bamboyo ankamva kusintha kwa phazi lawo kuseri kwa chitseko, koma iwo sanamve kusintha kwa nyundo.

"Zigambazi mutenga?" anafunsa a Guluu.

"Ndipatseni chosokedwa mokhotacho. Zinazo mumatire anthu anu."

Mkuluyo anasalaza pansi pa nsapato, anagwada n'kuwaveka yekha, zingwe n'kumanga bwinobwino. Za malipiro anakana kumva. A Wotchi anaimirira, anaponda kawiri katatu, anatsanzika n'kunyamuka, mutu uli kwina. Anadutsa pamalo okwerera basi, anawoloka msewu waukulu, anapitirira sitolo ya mankhwala. Atafika pakona ya msewu wawo m'pamene anaona kuti dzanja lamanja lili lopanda kanthu. Ndodo anaiiwala itatsamira benchi ya a Guluu. Anaima n'kudzifufuza m'thupi monse, m'chiuno, m'ntchafu, m'bondo, mumsana. Panalibe pamene pankawawa. Anali ataiwala kuti munthu amatha kukhala chonchi.

Anafika pakhomo nthawi itangokwana 3 koloko. Anatsegula pang'onopang'ono n'kuima, akumvetsera. M'nyumba munali phokoso la madzi kukhitchini, kumene Mzime ankatsuka mbale. Kukachipinda kuja kunalibe kugogoda. Kunalibenso bata lija la munthu womvetsera. Chinali chipinda chotseka basi, ngati zipinda zonse zotseka. Anadikira mphindi zisanu, khumi, chigamba chokhota chija atachifumbata m'dzanja. Anadziwa kuti mawa kudzakhalanso chimodzimodzi, ndi mkuja yemwe, ndipo chisoni chake chinali chachikulu kuposa mmene ankayembekezera.

Kenako anayenda mukolido monse, woongoka, mapazi akugunda mofanana. Kukhitchini madzi analeka kutuluka.

"Ndani?" anafuula Mzime, mawu ali ndi mantha. "Ndani walowa?"

A Wotchi anaima pomwepo n'kuyang'ana mapazi awo.

"Ndati ndani?"

"Ndine," anatero mokweza. "Ndine mayi ako."